Kumapeto kwa Tepi

Zaka zanga sindiziwerenga bwino. Zina ndimazikumbukira ngati masana amodzi otalika, zina zinandidutsa ndikumanga katundu. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinayenda kwambiri, ndipo kulikonse kumene ndinkapita ndinali nditanyamula chitsulo cholemera makilogalamu anayi m'thumba la feteleza. Anthu ena amathawa ndi mwana kumsana, ena ndi mbuzi ya eni. Ine ndinathawa ndi hamala ya sukulu.

Amene simunaionepo, hamala ya masewero si yokhomera misomali ayi. Ndi mpira wachitsulo waukulu ngati dzaye, womangirira ku waya, ndipo kumapeto kwa wayayo kuli chogwirira. Woponya amaima m'kabwalo kozungulira, amaizunguza kawiri pamwamba pa mutu, kenako iye mwini amazungulira nayo, n'kuitaya. Amene yake yagwera patali ndiye wapambana, basi.

Pasukulu pathu inabwera m'bokosi la mphatso, pamodzi ndi mipira iwiri yobooka ndi kabuku ka zithunzi. Aphunzitsi ena anaiyang'ana n'kuseka. A Likoswe okha, amene ankatiphunzitsa masamu ndi masewero, anatenga kabukuko n'kupita nako kunyumba. Patatha sabata anapempha theka la thumba la simenti, anaumba kabwalo kuseri kwa makalasi, n'kuyamba kuzungulira okhaokha atavala tayi, ife tikufa ndi chikhakhali m'mawindo.

Ine ndinali mtsikana wa msinkhu wochititsa manyazi. Nsapato za akazi sizinkandilowa, pa netibo anzanga ankandiopa, ndipo anyamata ankanditchula kuti thirakitala. Ndinkakhala kwa amalume amene anali ndi ana awo asanu ndi atatu, ndipo kumeneko thupi langa linali la nkhuni ndi madzi. Tsiku lina a Likoswe anandiitana ndikudutsa.

"Iwe, thupi lonseli uzingosenzera nkhuni? Bwera kuno, gwira apa."

Anandiphunzitsa miyezi ingapo. "Usaikoke," ankatero. "Ikamakukoka, khala ngati ukukhalira mpando umene palibe. Manja atalike. Chidendene, chala, chidendene, chala. Ikafika paphewa lakumanzere tsegula manja, osaiperekeza, si mlendo." Ndinagwa kambirimbiri, zigongono zinasupuka, koma tsiku limene ndinazungulira katatu osagwa ndinasangalala kuposa tsiku lina lililonse la ubwana wanga. Kanali koyamba kumva kuti Mulungu sanalakwitse pondiumba.

Tepi yathu yoyezera inali yobwereka kwa mmisiri womanga nyumba, ndipo inali ya mamita makumi atatu okha. Tinkaikhomera ndi msomali m'mphepete mwa kabwalo n'kuiyala mu udzu mpaka itatha. A Likoswe ankaima kumapeto kwake ataiponda ndi nsapato kuti mphepo isaiulutse, ndipo hamala ikagwa ankayenda motsatira tepiyo kudzawerenga. Panalibe amene ankaonapo cholakwika. Mnyamata wamphamvu kuposa onse ankafika pa makumi awiri ndi awiri, ine pa makumi awiri ndi anayi ndikadzuka bwino. Kumapeto kwa tepi kunali malo otetezeka kuposa ena onse pabwalopo, moti ngakhale amayi ogulitsa zitumbuwa ankaika beseni lawo chakumeneko.

Pa tsiku la mpikisano wa sukulu za m'dera lathu kunabwera anthu ambiri. Ndinalowa m'kabwalo wopanda nsapato. Ndinazunguza kawiri, ndinazungulira koyamba, kachiwiri, ndipo pozungulira kachitatu phokoso lonse linazima, chitsulo chinasiya kulemera, manja anatseguka okha. Ndinadziwa nthawi yomweyo kuti sindinaponyepo chonchi. Hamala inakwera, waya wake ukugwedezeka pambuyo, ndipo a Likoswe anaiyang'ana ikubwera. Sanathawe. Ndinaona nkhope yawo, ankamwetulira. Inawapeza pa ntchafu yakumanja, ndipo inamveka ngati nthambi youma ikuthyoka.

Anthu anathamangira komweko. Anazula chitseko cha kalasi n'kuwagoneka pamenepo, ndipo wina podutsa pafupi nane anati, "Waphatu munthu, thirakitala." Bwalo litatsala lokha ndinapita kukatola hamala, ndinakulunga waya, n'kulowa m'chimanga mbali imene si yakwathu. Chifukwa chimene ndinaitengera sindikuchidziwa. Mwina nzeru zanga za chibwana zinkandiuza kuti popanda hamala palibe mlandu.

Kuyambira tsiku limenelo misewu yonse imene ndinkayenda inkakhotera kumanzere. Ndinkachoka pamalo dzuwa lili kumaso, pofika masana lili kumsana, koma ine osakhota dala. Nthawi zina ndinkadutsa mlatho umene ndinali nditaudutsa kale, amayi omwewo akuchapa nsalu zomwezo, ana awo okha ndiwo anali atakula.

Ndinafika pa tauni ya msika, ya fumbi lofiira, kumene malole ankaima kuti injini zizizire. Mayi Nangozo ankagulitsa nyemba pansi pa mtengo wa mkesha. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, kenako maso awo anaima pa thumba langa.

"Kodi mwanawe, m'thumbamo muli mutu wa munthu?"

"Ndi chitsulo, mayi."

"Tulutsa tione."

Sikelo yawo inali ya mbale ziwiri, koma miyala yake yoyezera ana anali atataya. Anapita ndi hamala yanga kwa wogulitsa nyama, anakaiyeza pa sikelo yake, n'kubwera akumwetulira. "Anayi osapitirira, osaperewera. Ukhale pompano, iwe ndi chitsulo chakochi."

Choncho hamala inkakhala m'mbale imodzi, waya ukulendewera, ndipo ine ndinkathira nyemba m'mbale inayo mpaka zitalingana. Ndinaphunzira kudziwa kulemera kwa chinthu pongochinyamula, ndinaphunzira kumva anankafumbwe m'thumba losamasula, ndinaphunziranso kuseka ndi ogula ngakhale mtima uli kwina. Mvula inagwa kangapo. Tsiku lina ndikuchokera kokatenga matumba, Mayi Nangozo anati, "Kunabwera bambo wina pano, woyendera ndodo ziwiri zam'khwapa. Amafunsa za mtsikana wamtali wonyamula chitsulo cha waya. Ndawauza kuti abwere mawa. Ndi abale ako?"

Poyamba ndinamva chimwemwe chachikulu, chifukwa zaka zonsezo ndinkadziyesa wopha munthu. Kenako mantha anabwera n'kukhala pamwamba pa chimwemwecho. Mlandu suola, ndipo wanga unali utaphunzira kuyenda. Dzuwa lisanalowe ndinachotsa hamala m'mbale, Mayi Nangozo akuyeza nyemba za munthu, n'kunyamuka.

Malo otsatira anali mudzi wa oumba njerwa, m'dambo limene utsi sunkatha. Ankafuna munthu woponda dothi, ndipo ataona mapazi anga sanafunsenso zambiri. Ndinkalowa m'dzenje mmawa n'kutuluka madzulo. Mwamuna wina dzina lake Layisoni, amene ankagwira chikombole, anaima tsiku lina pamwamba pa dzenje akundiyang'ana.

"Achemwali, mukuponda dothi kapena mukuvina?"

Ndinayang'ana pansi. Mapazi anga anali akuzungulira okha, chidendene, chala, chidendene, chala, ndipo m'matope munali mutajambulika kabwalo. Ndinachita manyazi, iye anaseka, ndipo mvula yotsatira inatipeza tili m'nyumba imodzi.

Layisoni anali munthu wofatsa, wa manja okhakhala, wokonda kuimba nyimbo za kwaya molakwitsa mawu. Anandiphunzitsa kupanga uvuni kuti moto uziyenda m'mipata yonse, ndi kudziwa njerwa yakupsa poigogoda. Tinakhala bwino, kaya zaka zitatu kaya zisanu ndi ziwiri. Tinkangokangana za hamala basi. Iye ankafuna waya wake kuti tiziyanikapo zovala, ine n'kukana. "Chitsulo chimenechi ndi mfumukazi yanji," ankatero, "chongogona pansi pa bedi osagwira ntchito?" Sindinamuuze. Ndinkaopa kuti akadziwa adzayamba kuyang'ana manja anga mwa mtundu wina.

Tsiku lina ndikuchokera kudambo ndinapeza mpando uli panja ndi kapu yamadzi pambali pake.

"Kunabwera mlendo wako," anatero Layisoni. "Bambo waulemu, wa tayi, woyendera ndodo imodzi. Akuti anali mphunzitsi wako. Abweranso Loweruka."

Ndinalowa m'nyumba n'kugwada pafupi ndi bedi. Layisoni anaima pakhomo n'kundiyankhula.

"Amayi, ngati ndi mlandu tikaupepese tonse awiri. Mutu umodzi susenza denga. Ndiuzeni chabe chimene munachita."

"Sindingathe."

"Mukatuluka pakhomo pano ndi thumba limenelo, ndiye kuti mwasankha."

Ndinasankha. Mwamuna ameneyo ndinkamukonda, ndipo ndikunena poyera kuti kumusiya kunali kupusa kwakukulu kuposa kwina kulikonse kumene ndinachita. Koma mantha akakhala nawe zaka zambiri amasanduka ngati apongozi, sumawafunsanso chifukwa, umangowapatukira njira. Ndikukwera chitunda ndinamumva akugogoda njerwa imodziimodzi, ngakhale uvuni umenewo tinali titauyesa kale.

Msewu unakhoteranso kumanzere mpaka unandifikitsa pa tauni ya njanji, kumene sitima inkadutsa kamodzi pa sabata, nthawi zina osadutsa n'komwe. Kumeneko ndinapeza ntchito kwa Che Amidu, owotcherera zitsulo. Poyamba ndinkangonyamula mageti, kenako anandipatsa galasi lakuda n'kundiphunzitsa kulumikiza mafelemu a mawindo ndi miyendo ya mbaula. Maso ankawawa ngati mwalowa mchenga, koma ntchitoyo ndinaikonda, chifukwa munthu akavala galasi lija palibe amene amamuona nkhope.

Che Amidu ataona hamala yanga anapukusa mutu. Waya unali utadyeka ndi dzimbiri. Osandifunsa kanthu anadula wakalewo, anapinda watsopano, anakonza ndi kachitsulo kozungulira kamene kamalumikiza waya ndi mpira. "Chitsulo chikangokhala chimadwala, mayi," anatero pondibwezera. "N'chimodzimodzi munthu."

Kuseri kwa shedi imene tinkagwiriramo ntchito kunali bwalo losiyidwa, lalitali mpaka ku njanji. Masana, Che Amidu akapita ku mzikiti, ndinkapita kumeneko. Ndinkazunguza kawiri, ndinkazungulira katatu, thupi linkakumbuka zonse. Koma ikafika paphewa lakumanzere ndinkaona munthu wa tayi ataima kumapeto kwa bwalo, phazi limodzi ataponda kanthu mu udzu. Manja ankakana kutseguka, hamala inkandikoka n'kundigwetsa m'fumbi. Ndikadzuka, pamene panali munthu pankakhala mtengo wa papaya, kapena mbuzi, kapena chipilala cha njanji. Mawa lake zomwezo. Sindinaiponye ngakhale kamodzi.

"Mukamazungulira chonchi osataya, tsiku lina chidzakuzulani phewa," anatero Che Amidu ataona mabala. Ndiye kuti ankandiona, koma anali munthu wodziwa kusunga pakamwa. Ndi iwo omwe anadzandiuza, patapita nyengo, kuti kunabwera bambo wotsimphina, wopanda ndodo, wa imvi m'mbali mwa makutu.

"Sindinawauze kuti muli kuseri. Koma mayi, ine anthu ndawaona. Bambo aja sakuoneka ngati ofuna kumenya munthu. Akuoneka ngati munthu amene mbuzi yake yasochera."

Ndinawathokoza, ndinapachika galasi pa msomali wake, n'kunyamuka. Che Amidu sanandiletse, anangotembenuka n'kuyatsanso makina.

Kenako ndinapezeka ndili mu mzinda. Sindikumbuka kuti ndinalowamo bwanji, ndimangokumbuka kuti ndinali ndi tsache m'manja, ndikusesa masitepe a bwalo lalikulu la masewero. Tsitsi langa linali litayamba kuyera. Mmawa wina ndinamva phokoso limene ndinalidziwa ndisanatembenuke, chitsulo chikugwa pa kapinga. Pakona ya bwalolo panali khola lalitali la waya, lotseguka mbali imodzi yokha, ndipo mkati mwake atsikana ovala nsapato ndi golovesi ankaponya hamala. Kuchokera pakhomo pa kholalo mizere iwiri yoyera inkatambasuka m'bwalo, ndipo pakati pa mizereyo panalibe munthu, ngakhale galu.

Ndinasesa masitepe omwewo katatu ndisanalimbe mtima kufika kwa mayi wachitsikana wa wezulo m'khosi amene ankawaphunzitsa.

"Pepani mayi, kodi woyeza amaima pati?"

"Kunja kwa mizere, amayi, mpaka itagwa."

"Nanga tepi amaiponda ndani?"

Anandiyang'ana, kenako anaseka, koma osati monyoza. "Tepi imabwera pambuyo. Ndani angaime kutsogolo kwa chitsulo chimenechi? Ameneyo ndiye kuti moyo wamukwana."

Ndinakhala pansi pa sitepe, tsache lili pamiyendo. Ndinkayembekezera kuti mtima upepuka, koma m'malo mwake ndinakwiya. Ndinakwiyira kabuku ka zithunzi kaja kamene sikanajambule khola, ndinakwiyira mmisiri ndi tepi yake yaifupi, ndinakwiyira a Likoswe, ndipo koposa onse ndinadzikwiyira ndekha. Atsikana aja ankaponya mamita makumi anayi akutafuna chingamu. Mmodzi ankapinda zigongono pozungulira, ndipo pakamwa panga panayankhula ndisanapalole: "Mwana iwe, manja atalike." Anandimvera, ndipo hamala yake inapitirira pamene inkagwera.

"Amayi, munaponyapo?" anafunsa mayi wa wezulo uja.

"Kamodzi," ndinatero.

Kumeneko ndi kumene ndinawaona a Likoswe ndi maso anga, patatha zaka zonsezo. Anali pa geti akulankhula ndi mlonda, akuonetsa ndi dzanja msinkhu wa munthu wamtali. Anali atachepa thupi, mwendo wakumanja unali waufupi, ndipo tayi inali pakhosi ngati kale. Ndinatulukira geti lina, tsache la eni likadali m'manja. Sanalinso mantha a mlandu ayi. Anali manyazi, ndi chizolowezi, chifukwa miyendo yanga sinkadziwa china chochita ikamva za munthu ameneyo.

Malo omaliza anali mudzi wa m'chigwa, wa minda yathyathyathya. Ndinkakonza makasu ndi kumata mapoto obooka. Mawondo anali atayamba kundivuta, ndipo nyengo yozizira ndinkadzuka mogwirira khoma. Anthu atakolola chimanga, minda inatsala yoyera mpaka kumene maso amalekezera. Mmawa wina mayi woyandikana naye nyumba anandiuza kuti pa golosale panali bambo wokalamba wotsimphina amene ankafunsa za ine. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga thumba langa, ndinaima pakhomo. Ndinayang'ana msewu, ndinaona pamene ukukhotera, ndipo ndinatopa. Ndinaika thumba pansi, ndinasesa pabwalo, n'kutulutsa mpando.

Anafika masana pa njinga ya kabaza. Anatsika movutikira, anakonza tayi, anakhala pampando uja. Ndinagwada patsogolo pawo.

"Aphunzitsi, ndinakulakwirani."

"Dzuka, mawondo akowo ndikuwamva kulira ndili pano. Kodi madzi ulibe?"

Ndinawapatsa madzi. Anamwa pang'onopang'ono akundiyang'ana pamwamba pa kapu, monga ankachitira ndikalephera samu pa bolodi.

"Wandiyendetsa, mtsikana iwe. Boma likandisamutsa, ndinkafika pasukulu yatsopano n'kuyamba kufunsa m'misika. Nditapuma ntchito ndinapitiriza. Akazi anga mpaka anamwalira akunena kuti ndine wamisala."

"Mwendo wanu, aphunzitsi..."

"Mwendo unapola. Ndinakukwiyira miyezi iwiri ndili m'chipatala, kenako ndinayamba kuwerengera, paja ndine wa masamu. Hamala ija inandipeza pa mamita makumi atatu isanagwe pansi. Mwana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, wopanda nsapato, wophunzira kwa munthu amene anangoonera m'kabuku. Amene anaima polakwika ndine. Ndinadziwa ikadali m'mwamba kuti ikubwera kwa ine, koma ndinalephera kusuntha, chifukwa chinthu chokongola choncho ndinali ndisanachionepo." Anaika kapu pansi. "Za mwendo ndinakhululuka kalekale. Chimene sindinakhululuke ndi mkono umenewo. Unapita nawo kuti? Unachita nawo chiyani?"

"Ndinayezera nyemba," ndinatero. "Ndinanyamulira njerwa ndi mageti. Ndinaseserako masitepe."

"Hamala sunaponyenso?"

"Ayi."

Misozi inali itadzaza m'maso mwanga, koma sindinafune kuti igwe iwo asanamalize. Kenako anatsegula chikwama chawo n'kutulutsa tepi yaikulu yokulunga ndi chogwirira, chikopa chake chitasuluka ndi kuyenda.

"Mamita makumi asanu ndi limodzi. Ndinaigula tsiku limene ndinatuluka m'chipatala. Ndinkafuna ndikupititse ku mzinda, akakuone amene amadziwa. Pambuyo pake ndinangofuna ndione pamene ikanagwera."

"Aphunzitsi, ndakalamba."

"Sindinafunse zaka. Hamala ilipo?"

Tinapita kumunda. Pamalo pamene anthu ankapunthirapo nyemba panali pouma ndi posalala, ndipo ndinajambulapo kabwalo ndi mpini wa khasu. A Likoswe anakhomera tepi ndi msomali umene anatulutsa m'thumba la jekete, n'kuyamba kuyenda chafutambuyo akuitambasula pamwamba pa mizere. Anadutsa makumi awiri, anadutsa makumi atatu osaima, anadutsa makumi anayi. Tepi itatha anaitsindika ndi mwala, n'kupitirirabe, kenako anapatukira kumbali mpaka anaoneka aang'ono ngati mwana.

"Mwapita patali!" ndinafuula.

"Ndinaphunzira!" mawu awo anabwera mochedwa ndi mphepo. "Ponya!"

Ndinavula nsapato. Ndinazunguza kawiri, msana unalira. Ndinazungulira koyamba, kachiwiri, kachitatu, ndipo itafika paphewa lakumanzere ndinayang'ana kutsogolo. Kunalibe munthu. Kunali mapesi, thambo, ndi tepi yachikasu itagona yokha. Manja anatseguka. Ndinamva kuwawa kuyambira m'zala mpaka m'khosi, ngati chitseko chimene chakhala chotseka zaka zambiri chikamatsegulidwa.

Hamala sinakwere kwambiri. Inagwa pafupi, pamene ndikanatha kulankhula ndi munthu osakweza mawu, ndipo kafumbi kanadzuka n'kukhazikika.

A Likoswe anaima kanthawi, kenako anayamba kubwera. Ankadumpha mzere uliwonse ndi mwendo wabwino, winawo n'kuukoka pambuyo. Anafika pa mwala uja, anatsatira tepi, anadutsa makumi asanu, anaima kupuma atagwira m'chiuno, anadutsa makumi anayi. Pa makumi atatu sanayang'ane pansi. Ine ndinangoima m'kabwalo ndikuwaona akubwera, ndipo ndinalira osabisa, chifukwa mtunda wonse umene ankayendawo unali umene ndinataya, ndipo ankauyenda ndi mwendo umene ndinathyola.

Atafika anawerama, anachotsa mapesi pa tepi, anavala magalasi, n'kuwerenga mokweza ngati pali gulu la anthu, osawonjezerapo ngakhale chala chimodzi.

"Mamita khumi ndi asanu ndi awiri, ndi theka."

Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi nthawi yaitali kuposa imene magalasi amafuna.

"Tachedwa, mwana wanga."

"Tachedwa, aphunzitsi."

Tepi ndinakulunga ndine, chifukwa iwo mwendo unali utayamba kunjenjemera. Pobwerera kunyumba analephera kudumpha mizere, ndiye ndinawapatsa mkono wanga, ndipo anautsamira ndi thupi lonse. Anali opepuka kwambiri.